Bering'i ija inayamba kulira nthawi yanji? Tikambirane za mpikisano wa magalimoto wa maola 12

Kaputeni:
Abale moni nonse. Padutsa masiku atatu chibwerereni ku mpikisano, tulo tagona, mitima yakhala pansi, ndiye ndati tikambirane zinthu zisanayambe kuiwalika. Ndawalowetsanso pa gulu pano akulu athu a galimoto nambala 41, popeza anationa tikuvutika ndipo habu (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo) yomwe tinamalizira mpikisano ndi yawo.

Kwa inu amene simunapite, unali mpikisano wa maola 12, madalaivala anayi kusinthana pa galimoto yathu yakale ija. Maola 6 oyambirira tinkaona ngati zonse zili bwino, tinali pa nambala 6 m'gulu lathu. Ola la 7 lisanathe bering'i ya tayala lakutsogolo kumanzere, timipira tachitsulo ta mu habu tomwe timathandiza tayala kuzungulira, inamwazika. Tinakhala mu pit, malo okonzera galimoto m'mbali mwa bwalo, ola limodzi ndi mphindi 50. Titabwerera m'bwalo, kutatsala ola limodzi ndi theka kuti mpikisano uthe, geji ya kutentha inakwera ndipo ine ndinalamula kuti galimoto ilowenso. Mphindi 35 zina zinathera pamenepo. Mbendera yomaliza tinaiona, koma maraundi athu sanakwane, moti pa zotsatira dzina lathu palibe.

Sindinatsegule nkhaniyi kuti tilozane zala. Ndikufuna tidziwe kuti vuto lililonse linayamba nthawi yanji, ndipo ndani anali woyamba kuliona kapena kulimva. Achemwali a Sipanala, yambani ndinu.

Sipanala17:
Zikomo a Kaputeni. Habu ija ndinaitsegula dzulo madzulo, zidutswa zonse ndaziyala pa tebulo. Girizi wasanduka wakuda ngati phula, wouma, ndipo fungo lake lopserera limakhalabe m'zala ngakhale usambe kawiri. Mphete ya mkati momwe timipira timayenda yasanduka yabuluu, yadzaza timaenje ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Timipira tiwiri tinasweka pakati. Chitsulo sichisintha mtundu chonchi m'mphindi zisanu ayi. Bering'i iyi inakhala ikupsa kwa ola lathunthu kapena kuposerapo. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma bering'i imaimba, ndipo imaimba nthawi yaitali isanafe.

Kulakwa kwanga ndikunene ndekha. Bering'i imeneyi inali itathamanga kale mipikisano iwiri. Tisananyamuke ndinakweza galimoto pa jeki, ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, silinasewere. Ndinalizunguza ndi dzanja, linali zii. Ndinati ipitanso. Koma ndinaiyesa ili yozizira, isanasenze kanthu. Bwalo lija makona ake ambiri ndi okhotera kumanja, ndiye kulemera kwa galimoto kumagwera matayala a kumanzere, makamaka lakutsogolo. Onjezeranipo moto wa disiki ya buleki womwe umalowa mu habu ola ndi ola mpaka girizi kusungunuka. Ndinayenera kuisintha powerengera maola omwe yathamanga, osadikira kuti iyambe yasewera.

Wotchi:
Pepala la nthawi ndili nalo pano. Kuyambira pa maola 4 ndi mphindi 45, raundi iliyonse inayamba kuchedwa ndi sekondi imodzi, kenako imodzi ndi theka. Ndinangolemba m'mbali kuti mwina ndi matayala. Pa wailesi ndinafunsa kamodzi ngati galimoto ili bwino, ndipo yankho linali loti inde.

Chiwongolero:
Amene anayankha inde uja ndine. Ndalemba uthengawu katatu n'kumafufuta.

Ndinaimva. Inayamba ngati kulira kwa njuchi kutali, wuuu, kuchokera pansi kumanzere. Ndikakhotera kumanja pa kona yaitali ija phokoso limakula, ndikakhotera kumanzere limachepa mpaka kutha. Ndinadziwa kuti si matayala, chifukwa kulira kwa matayala sikusintha chonchi. Chakumapeto kwa gawo langa chiwongolero chinayamba kunjenjemera pang'ono m'manja, ndiye ndinkalowa kona ija mofatsa. Masekondi omwe a Wotchi akunenawo ndi amenewo.

Chimene ndinakhalira chete ndi ichi. Pa mpikisano wina uja, miyezi 7 yapitayo, ndinanena pa wailesi kuti galimoto ikunjenjemera kumbuyo. Munandiitana, munakweza, simunapeze kanthu, tinataya mphindi 8 ndi malo awiri. Palibe anandikalipira, koma usiku wonse palibenso anandilankhula. Pobwerera ndinamva wina akunena kuti mwanayu makutu ake ndi a mantha. Mawu amenewo ndinakhala nawo miyezi 7. Ndiye phokoso litayamba ndinadziuza kuti ndingomaliza maola anga awiri, ndikanene posinthana. Posinthanapo zonse zinali mothamanga, malamba, petulo, madzi akumwa, ndipo ndinatuluka osanena. Ndinavula chipewa ndikuona galimoto ikupita, mtima uli thithithi.

Achimwene a Buleki, ndinakupatsani galimoto yodwala ndikudziwa. Pepani kwambiri.

Bulekimochedwa:
Achimwene, kupepesa ndakumva, koma mundilole ndifotokoze zimene zinachitika mkatimo kuti aliyense adziwe chimene tikukambirana.

Phokoso ndinalimva raundi yoyamba yomwe. Ndinaganiza kuti popeza mwakhala nalo maola awiri osanena, ndiye kuti ndi chinthu chodziwika. Apo nanenso ndinalakwa. Patatha mphindi 40, kumapeto kwa msewu woongoka uja, ndili pa giya yomaliza, ndinaponda buleki ndipo pedulo inalowa mpaka pansi ngati ndaponda chinkhupule. Palibe chinagwira. Ndinapopa kawiri mwachangu, kachitatu ndi pomwe inagwira, koma kona inali itafika kale. Ndinalowa mu nsangalabwi zija amathira kunja kwa kona, galimoto inaima patatsala mikono iwiri kuti igunde khoma la matayala. Mkati munadzaza fumbi ndi fungo la girizi wopsa. Manja anga ankanjenjemera moti ndinalephera kumasula lamba koyamba.

Ndili ndi ana awiri. Masewerawa timachita chifukwa timawakonda, palibe amatilipira. Ndikalowa m'galimoto ndimakhulupirira kuti amene watulukamo wandiuza zonse. Zimenezo ndi zomwe zandiwawa, osati malo omwe tinataya.

Sipanala17:
Za pedulo zija ndifotokoze, poti ena ankati mabuleki nawonso anafa. Sanafe. Bering'i ikayamba kusewera, habu imagwedezeka, disiki nayo imapendekeka uku ndi uku n'kumakankha mapadi ndi pisitoni kubwerera mkati mwa caliper, chitsulo chomwe chimafinyira mapadi pa disiki. Ukaponda koyamba, pedulo imangotseka mpata umenewo, n'chifukwa chake imalowa pansi. Ukapopa ndi pomwe mapadi amafikanso pa disiki. Aliyense asunge izi: pedulo ikatalika mwadzidzidzi pambuyo pa kona yothamanga n'kubwerera ukapopa, ganizira bering'i ndipo lowa raundi yomweyo.

Kaputeni:
Mng'ono wanga Chiwongolero, mawu oti makutu a mantha aja ananena ndine. Ndinawanena ndili wotopa ndipo sindinadziwe kuti wamva. Sindikudzichotsa. Amene anatseka pakamwa pako pa wailesi ndi ine, miyezi 7 mpikisanowu usanayambe. Unalakwa kukhala chete, ndipo a Buleki ali ndi chifukwa chokwiyira, koma mbali yaikulu ya mlanduwu ndiisenze ine.

Komanso kunjenjemera kumene unanena nthawi ija tinakupeza patatha milungu iwiri. Linali tayala lakumbuyo lomwe kachitsulo kake kolinganizira kanali katagwa. Unalondola. Sindinakuuze, ndinangokonza n'kukhala chete. Zimenezi zandisowetsa tulo kuyambira Lamlungu.

Bulekimochedwa:
Izi sindinkazidziwa. Komabe a Kaputeni, munthu akakunyoza kamodzi si chifukwa chotumizira mnzako ku khoma. Ndilankhula zambiri tikakumana maso ndi maso.

Nambala41:
Ana anga, zikomo pondilowetsa. Ndawerenga zonse ndipo ndine wokondwa kuti mukukambirana poyera, matimu ambiri amatha chifukwa chosungirana zinthu ngati izi.

Ndinene za ola limodzi ndi mphindi 50 zija, poti ndinaima pomwepo ndikuonerera. Bering'i yatsopano munali nayo m'bokosi, koma munalibe pulesa yoikanikizira. Munatha mphindi 40 mukumenya mphete yakale ndi hamala ndi chizulo, chitsulo chili chotentha chosagwirika, musanabwere kudzandifunsa. Ife timanyamula mwendo wonse womangidwa kale, habu, bering'i, mabawuti a tayala, zonse pamodzi, umodzi wa kumanzere umodzi wa kumanja. Timamasula manati ochepa, kuchotsa wakale, kuika wina. Tinayeserera kunyumba ndi wotchi mpaka tinafika pochita m'mphindi zosakwana 25. Chipangizo chimene simungathe kuchiika muli mu pit, usiku, ndi zida zomwe mwanyamula, n'chimodzimodzi kuti simunachinyamule.

Za kukhumudwa, musadzione ngati ndinu nokha. Mu 2016 ku Le Mans, mpikisano wa maola 24 womwe unayamba mu 1923, galimoto ya Toyota nambala 5 inali patsogolo, Kazuki Nakajima ali pa chiwongolero. Kutatsala mphindi zochepa kuti maola 24 akwane inataya mphamvu, n'kukaima pa msewu woongoka patsogolo pa ma pit, Porsche n'kudutsa n'kupambana. Chomwe chinavuta chinali cholumikizira cha paipi ya mpweya pakati pa turbo, yokankhira mpweya mu injini, ndi intercooler, yoziziritsa mpweyawo. Anaidzutsa n'kumaliza raundi, koma raundiyo inatenga nthawi yopitirira mphindi 6 zomwe malamulo ankalola nthawi imeneyo, moti sanawerengedwe n'komwe pa zotsatira. Ndinaonera pa kanema ndipo ndinaona akuluakulu a timuyo akugwetsa misozi. Anthu a mainjiniya mazanamazana amenewo. Nakajima yemweyo anadzapambana mu 2018 ali ndi Sébastien Buemi ndi Fernando Alonso.

Sindikunena kuti vuto lawo ndi lanu n'zofanana. Lawo linabwera mosachenjeza. Lanu linakupatsani maola awiri.

Wotchi:
Akulu, mwatchula za kusawerengedwa. Ifenso lamulo lomwe linatigwetsa ndi lofanana ndi lamulo lina la ku Le Mans, loti uyenera kukwanitsa 70 peresenti ya mtunda wa wopambana. Tinaperewera maraundi 4 okha. Ndawerengera mobwerezabwereza. Tikanalowa pa maola 5 n'kusintha habu ngakhale kwa ola lathunthu, tikanakwanitsa popanda vuto.

Giya5:
Maraundi 4 amenewo ndi omwe ine ndikufuna tikambirane. Za bering'i zamveka. Koma kulowa kwachiwiri kuja sindinagwirizane nako ndipo mpaka pano sindikugwirizana nako. Ndinali m'galimoto ndine. Geji inakwera kufika madigiri 112, inde, koma injini inkakoka bwino, sinkaphonya, utsi panalibe. Chotsekera lediyeta yathu ndi cha 1.1 bar, madzi sawira mpaka pafupifupi madigiri 120. Ndinapempha pa wailesi kuti ndichepetse liwiro, ndizisintha giya msanga, ndizipewa kutsata galimoto ina pafupi kuti mphepo izilowa. Kunatsala ola limodzi ndi theka basi. Mphindi 35 zomwe tinaima ndi maraundi oposa 10. Tinagwira ntchito miyezi 7, tinasonkherana, tinagona pa simenti, kenako tinadzichotsa tokha pa zotsatira chifukwa cha geji.

A Kaputeni, ndikukulemekezani, koma ndikuona kuti za bering'i zinakuopsani ndipo munafulumira.

Sipanala17:
Achimwene a Giya, za madigiri 120 mukunena zoona, koma zimagwira ntchito ngati njira yonse ya madzi ili yotsekeka. Yathu inali itabowoka. Mukukumbuka kuti tinachotsa hita pochepetsa kulemera, n'kulumikiza mapaipi ake awiri ndi kapaipi kafupi kumbuyo kwa injini? Kapaipi kameneko kankakhuza kachitsulo kogwirira waya. Maola 10 akunjenjemera anakadya mpaka kubowoka. Nditatsegula boneti madzi ankatuluka ngati ulusi, akuwaza pa giyabokosi n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'chifukwa chake pansi simunkaoneka dontho. Pobowoka palibe mphamvu yotsekera, ndiye madzi amawira pafupi ndi madigiri 100 ngati a mumphika. Ndipo ife timathira madzi okhaokha, popeza malamulo a mpikisano amaletsa coolant wa glycol, madzi amankhwala oziziritsira injini, chifukwa akatayikira pa msewu amaterera.

Tinathira malita awiri ndi theka kuti adzaze. Mukanapitiriza, chimene mukanaona n'choopsa kwambiri: geji ikanayamba kutsika. Madzi akachepa mpaka kusiya sensa pamtunda, sensayo imawerenga nthunzi, osati madzi, ndipo singano imabwerera ngati zinthu zakhala bwino. Inu mukanasangalala n'kupondanso. Hedi yathu ndi ya aluminiyamu, ikatentha yopanda madzi imapindika, gasiketi imapsa, madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Sindikukhulupirira kuti mukanatha mphindi 15.

Mphindi 35 zija zinachuluka, pamenepo ndikuvomera. Khumi zinapita podikira kuti izizire, chifukwa sindingatsegule chotsekera pa injini yowira, munthu amapsa nkhope. Zina khumi tinkasakasaka paipi ya saizi yake m'mabokosi atatu osalembedwa. Zotsalazo zinali zochotsa mpweya m'njira ya madzi. Za kusakasakazo ndiye zondichititsa manyazi.

Giya5:
Za geji kutsika sindinkazidziwa, achemwali. Ndamva. Komabe mtima ukuwawa. Ndikanakonda mukanandiuza pa wailesi chifukwa chake, osangoti lowani lowani.

Wotchi:
Wailesi yake inali itayamba kale kudukiza. Kuseri kwa phiri kuja simumveka chilichonse, ndipo kachingwe ka m'chipewa cha a Giya kanali kolekera. Ndinkangotumiza mawu afupiafupi kuti afike.

Mlendo:
Pepani akuluakulu, ndine watsopano, ndinangobwera kudzathandiza kunyamula matayala. Ndifunse: popeza nsangalabwi zija zinalowa paliponse ndipo mbali ya kumanzere inatentha chonchija, mafuta a buleki sanawonongeke? Nanga matimu ang'onoang'ono ngati athuwa amakwanitsa bwanji kusintha zonsezi mpikisano uliwonse?

Sipanala17:
Funso labwino, mng'ono wanga, osachita manyazi. Mafuta a buleki ndawataya onse. Amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akayamwa amawira msanga. Mtundu wa mafutawa wotchedwa DOT 4, ukakhala watsopano, suyenera kuwira asanafike madigiri 230, koma ukamwa madzi malire ake amatsika kufika 155. DOT 3 ndi 205 ali watsopano, 140 atamwa madzi. Akawira mumakhala thovu, ndipo thovu limafinyika, pedulo n'kupita pansi. Kumeneko ndiye kupopa sikuthandiza kwenikweni mpaka azizire. Timathira atsopano, a m'botolo losatsegulidwa, mpikisano uliwonse. Disiki ya kumanzere ndaipeza ndi timing'alu, mapadi adyeka mopendekeka, rabala ya CV joint, cholumikizira chopititsa mphamvu ya injini ku tayala, yang'ambika. Zonsezo zichoka.

Nambala41:
Za kukwanitsa, mwana wanga, sitisintha zonse. Timasankha. Ku America kuli mpikisano wa anthu wamba wotchedwa 24 Hours of Lemons, unayamba mu 2006 ku California. Lamulo lake n'loti galimoto isapitirire madola 500, koma zinthu zoteteza moyo monga mabuleki, matayala ndi zitsulo zotchinga dalaivala siziwerengedwa pa ndalamayo. Ine nzeru imeneyo ndinaitengera. Injini ikhale yofooka, penti ikhale yosuluka, koma chilichonse chogwira tayala, choimitsa galimoto ndi chosunga madzi ndi oyilo chikhale chatsopano kapena chodziwika maola ake. Tili ndi kope lomwe timalembamo tsiku loikira chipangizo ndi maola omwe chathamanga. Bering'i za kutsogolo sizionanso mpikisano wachitatu kwa ife, zilire zisalire.

Kaputeni:
Zikomo akulu. Kope limenelo tiyamba nalo Loweruka, a Wotchi alisunge. Miyendo iwiri yomangidwa kale tiipeza tisanalembetsenso mpikisano wina uliwonse, ngakhale zitanthauze kudumpha wa mwezi wa mawa.

Chinanso, ndipo ichi ndikulonjeza pamaso pa nonse. Dalaivala akanena kuti wamva kanthu, galimoto ilowa, ndipo tikapanda kupeza vuto, mphindi zotayikazo zilembedwe pa dzina langa. Posinthana, wotuluka sachoka pakhomo la galimoto asanauze wolowa za phokoso, mabuleki ndi geji, ngakhale zonse zili bwino azinena kuti zili bwino. Zitenge masekondi 10, zitenge.

A Giya, za kulowa kwachiwiri sindisintha maganizo, ndikanalamulanso chimodzimodzi. Koma zoti zinandiopsa n'zoona. Nditaona galimoto ikukokedwa ili ndi nsangalabwi mpaka m'boneti, ndinaganiza za amayi a kunyumba kwa a Buleki, kuti ndikanakawauza chiyani.

Giya5:
Kudumpha wa mwezi wa mawa ndiye tikambiranenso, a Kaputeni. Ine ndikuona kuti tikhoza kukonzeka. Koma tionane kaye Loweruka.

Chiwongolero:
Achemwali a Sipanala, zidutswa za bering'i zija musataye, ndikufuna ndizione ndi kuzigwira. Ndipo ngati mungalole, ndikhale ine womanga miyendo iwiriyo inu mukundiyang'anira. Ngati timu ikuona kuti ndipume mpikisano umodzi ndizingogwira ntchito ya mu pit, sindikana.

Bulekimochedwa:
Zopuma sindinanene ine. Loweruka ndibwera. Achimwene, mufike msanga ena asanabwere, tilankhulane awiri. Pambuyo pake tiyeserere kusintha mwendo uja ndi wotchi, inu kumanzere ine kumanja.

Sipanala17:
Zidutswa zilipo, ndaziika m'chitini. Ya kumanja nayonso ndaivula m'mawa uno, girizi wake wayamba kuda ndipo ikukhakhala pang'ono ukaizunguza ndi chala, ndiye mudzaone ziwiri zonse moyandikana. A Kaputeni mubweretse torque wrench yaikulu ija, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, nati ya pakati pa habu sitimanganso mongoyerekeza. Akulu a 41, habu yanu ndiikamo bering'i yatsopano ndisanabweze, poti yathamanga maola atatu pa galimoto yathu. Munditumizire nambala yake.

Nambala41:
Nambala ndikutumizirani madzulo ndikafika ku galaja. Loweruka ndibwera ndi pulesa yanga, mukonze malo pafupi ndi chitseko chifukwa ndi yolemera, pafunika anthu atatu kuitsitsa.